Lipenga Langa Linaitana Maliro ku Chawama

Ba abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo mawu akandithawa mundipirire.

Ambiri mumandidziwa. Ndine uja wa kumbuyo mu bandi yathu, wofungatira lipenga lalikulu ngati mwana, lija timati yufoniyamu. Mkati mwa sabata ndimanyamula masaka ku Industrial. Lero ntchito ilipo, mawa mumaima pageti mpaka dzuwa likupsereza, n'kubwerera chimanjamanja. Msana wanga unatopa, abale, unatopa. Ndiye nditamva kuti bandi ina yaikulu m'tauni ikufuna kulemba ntchito woliza yufoniyamu, ndinati Yehova, khomo langa ndi ili.

Koma anati pa mayeso aliyense abwere ndi nyimbo yodekha, yoti lipenga liimbe ngati munthu. Apa ndiye panagona nkhani. Ine zanga ndi zoguba, za paukwati, zija mumavina nazo mpaka fumbi kobo. Ba bandimasita athu anandipatsa nyimbo za m'mabuku, zokongola ndithu, koma ndikaliza zinkatuluka zouma gwa. Manotsi onse alimo, mtima mulibe. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe, nyimbo yodekha yamene umaliza na mtima ni imodzi chabe, ija ya kumanda. Tenga yamene iyo."

Loweruka masana ndinakhala kuseri kwa nyumba kwathu ku Chawama n'kuyamba kuyeserera nyimbo ya kumanda ija. Manje mumvetse apa. Amayi anga anali chigonere m'nyumba, sitiroko inawapha mbali imodzi, ndipo komboni yonse inkadziwa. Ndisanafike n'kumapeto komwe, ndinamva kulira pageti. Azimayi akulowa atamanga vitenge, wina wayamba kale kutulutsa mipando panja, azibambo akufunsana za nkhuni. Analowa kuchipinda akulira, n'kupeza amayi akumwa tiyi.

Musaseke, abale. Chabwino, sekani, koma ine tsiku limenelo ndinalakalaka nthaka itandimeza. Ba landilodi, mayi amene timakhala m'nyumba zawo, anabwera akukalipa. "Muitana imfa pa yadi panga? Na odwala ali mukati? Mukalizako futi, mulonge katundu."

Ndipite kuti? Kuno kutchalitchi mkati mwa sabata muli sukulu ya ana. Ndinayesa kutsekera nsanza kukamwa kwa lipenga, mawu anafa. Ndinapita pabwalo la mpira cha ku Kafue Road, odutsa n'kumaima, "Afa ndani?" Ndinabwerera ku nyimbo za m'mabuku zija, zouma zomwezo. Choipa koposa, ineyo ndinayamba kuopa. Ndikangonyamula lipenga, amayi akatsokomola, ndinkalibweza pansi. Ndinkati bwanji ngati n'zoona kuti ndikuitana imfa? Bwanji nditapeza ntchito n'kutaya mayi? Ndinalikankhira pansi pa bedi. Masiku akutha, ine ndilibe nyimbo, ndilibe poyeserera, ndilibe nzeru. Kupemphera ndinkagwada, koma mawu osabwera. Ndinkangoti, Ambuye, ndakanika. Ndakanika ine.

Kutatsala tsiku limodzi kuti mayeso achitike, m'mawa, amayi anandiitana. Amalankhula ndi mbali imodzi ya kamwa, koma ukali wawo sitiroko sinaukhudze.

"Chotsa chija pansi pa bedi."

Ndinati, "Amayi, nyimbo ija ni ya maliro."

"Nidziwa. Tsiku lina uzanilizira, ufune usafune, ndipo bazamvera ni benangu. Ine nizagona chabe m'bokosi. Nifuna nimve manje, nikali na matu."

Anauza mkazi wanga kuti awanyamule, awakhazike pampando pakhomo penipeni, kuti aliyense wobwera kudzalira ayambe waona kuti ali moyo. Ndinaima patsogolo pawo n'kuyamba. Anthu anatuluka. Ba landilodi anafika mpaka pampopi, anaona amayi atakhala tsonga, n'kuima pomwepo.

Nditamaliza, amayi anapukusa mutu. "Wathamanga. Ufuna kunishika m'manda mwamsanga? Bwezapo, pang'onopang'ono."

Ndinabwereza, misozi ikutsikira pa lipenga. Abale, ndaliza nyimbo imeneyi kumanda kosawerengeka, koma ndinali ndisanailizepo kwa munthu woti akundiyang'ana.

M'mawa mwake ku mayeso kunali anyamata ophunzira, malipenga awo onyezimira, langa lopindika apa ndi apo. Mantha analipo, sindinama. Ndinatsinzina, ndinaona mpando uja pakhomo, ndipo sindinathamange. Ananditenga, abale. Mwezi wamawa ndikuyamba ntchito, masaka ndawasiya.

Si nzeru zanga. Ine ndinali nditagonja kale, lipenga lili pansi pa bedi. Mulungu ndiye anatsegula pakamwa pa amayi, pamene madokotala anati sipadzalankhulanso bwino. Ndikuthokoza ba bandimasita, ndikuthokoza mkazi wanga, ngakhale ba landilodi ndikuwathokoza, sanatithamangitse.

Ndipo amene munathamangira kwathu ndi vitenge tsiku lija, ena ndikukuonani muli muno, tembenukani muone kumbuyo uko pafupi ndi chitseko. Amayi, kwezani dzanja, lija limagwira. Awo, mwawaona? Nyimbo yawo anaimva ndi makutu awo. Imirirani mukondwere nane, tiombere Yesu m'manja. Amen.