Kachasu Wopaka Pakhosi

M'mawa wina wotentha pa siteji ya basi m'tauni ya Osijek, Mayi Zdenka anali atadikira basi kwa ola lathunthu. Pambali pawo panakhala bambo wina amene ankangodzikanda pakhosi pamene udzudzu unamuluma.

"Kandani ndithu, bambo, mufika pafupa basi isanabwere. Dalaivala wake ayenera kuti ali ku mowa."

"Zikomo adokotala. Nenani mankhwala anuwo, poti m'tauni muno aliyense ndi katswiri wa udzudzu."

"Pakani vinega."

"Ndinapaka. Ndinkanunkha ngati saladi, kuyabwa kuli pomwepo."

"Nanga anyezi wodula pakati?"

"Saladiyo inangokoma kwambiri. Udzudzu unakaitana ndi abale ake onse a kumtsinje wa Drava."

"Ndiye mukuvutikiranji? Pakani rakiya. Kwathu kachasu ameneyu timapaka paliponse, kaya ndi bondo, dzino, ngakhale mwana akatentha thupi."

"Apongozi anga ananenanso zomwezo. Lero m'mawa andithira theka la botolo pakhosipa. Kunja kwake, mayi, m'kati simunalowe ngakhale dontho."

"Ndiye kuyabwako sikunasiye?"

"Kunasiya pang'ono. Ntchito nayonso mwina indisiya. Nditangofika, abwana anandinunkhiza kamodzi kokha n'kundilanda makiyi."

"Makiyi a chiyani?"

"A basi mukudikirayi. Dalaivala ali ku mowa uja ndine. Akuti ndipite kuchipatala akandiyeze magazi, ngati kuti udzudzu wandisiyirako oti ayeze."