Poti Imene Ndinaibisa ndi Chala

Zaka zija mabandi akulira m'mabala a mowa a ku Matero, ine ndinali wokonza mawayilesi ndi magitala a magetsi, ndipo oyimba onse ankandidziwa. Inu lero mumangojambula ndi foni n'kudziwa zaka za gitala, koma ife tinkamasula chivundikiro n'kuwerenga manambala pa mapoti, tizitsulo tozungulira tija tokwezera mawu. Manambala oyamba ndi a fakitale, otsatira ndi chaka, omaliza ndi sabata imene potiyo inapangidwa.

Mnzanga Ba Lungu, woyimba wa ku komboni ya George, atamwalira, abale ake anasesa m'nyumba, mipando, mbale, ngakhale mabulangeti. Mkazi wake, Amake Tisa, anakakamira gitala yokha. Abalewo ankati inagulidwa ukwati usanachitike, choncho ndi ya kwawo, koma mayiyo ankati anaigula ali limodzi. Onse anabwera nayo kwa ine, mkulu wake wa malemuyo ali patsogolo.

"Ba Phiri, imwe mudziwa vinthu ivi," anatero mkuluyo. "Tiuzeni chaka chake, nkhani isile."

Ndinamasula chivundikiro. Mapoti anali atatu. Awiri ankasonyeza chaka chachitatu cha ukwati wawo, koma amenewo ndinaikamo ndine, akale atayamba kukhosomola. Yachitatu, ya kufakitale yeniyeni, inali yakale kuposa ukwatiwo, ndipo ine ndinkadziwa bwino kuti mnzangayo anali nayo gitalayo asanakwatire.

Ndinayang'ana mayi uja, mpango wakuda kumutu, khanda kumbuyo. Ndinaika chala chachikulu pa poti yachitatuyo ngati ndikungogwirizira, ndipo ndinawerenga awiri aja mokweza. Mkuluyo anasuzumira, nawerenga yekha, n'kutsonya.

"Ni yanu, mulamu," anatero, n'kutuluka.

Ndinanama, ana anga, sindikubisirani, ndipo zimandiwawa, chifukwa anthu aja anakhulupirira maso anga. Koma khanda lija, Tisa, ndi amene lero amaiyimba gitalayo ku tchalitchi ku Chawama. Mwezi watha anabwera nayo kuti ndimuuze zaka zake, ndipo ndinamuwerengera mapoti onse atatu, chala nditachotsa. Analira, ine ndinalira naye.

Inu mukatsegula gitala, werengani mapoti onse, muonenso ngati mtovu wowotcherera uli wa kufakitale. Koma musanatchule chaka, tukulani maso kaye, muone amene waima patsogolo panu.