Chigoba cha pamakiyi

Basi inachedwa, ndipo mayi wina pasiteji ankangoseweretsa makiyi ake. Bambo wachikulire amene anakhala naye pabenchi sankachotsa maso pa chigoba cha chipolopolo chimene chinkalendewera pamakiyipo.

"Mayi, chimenecho bisani. Munachitenga kuti?"

"Pakhonde panga, tsiku limene mbava zinawombera amuna anga. Ndimayenda nacho kuti ndisaiwale."

"Tachitembenuzani. Mukuziona zilembo anadinda kunsizo? Izi ndi za fakitale, manambalawa ndi chaka. Koma kachizindikiro aka n'ka asilikali. Ine ndakalambira pa ntchito imeneyo."

"Ndiye mukuti chiyani, bambo?"

"Tsitsani mawu. Kaya mbavazo zinaba, kaya zinagula, sindikudziwa. Koma chipolopolo chimenechi chinatuluka kukampu. Kwanuko alipo wovala yunifolomu?"

Mayi uja anafumbata makiyiwo mpaka zala kuwawa.

"Alamu anga. Ndiwo anayamba kufika tsiku limenelo, n'kutola zigoba zonse, amati akapereka kupolisi. Ichi chokha chinagubuduzikira kuseri kwa ndowa."

"Nanga ali kuti panopa?"

"Ndi awo akuwoloka msewuwo. Akundiperekeza."