Bambo Nazmi Abadir ndi Chimbale Chimene Sankalola Kuchiliza

Abambo ansembe, achibale ndi nonse amene mwabwera kudzalira nafe, malemu bambo Nazmi Abadir anabadwa pa 9 Malichi 1948 konkuno ku Alexandria, m'dera la Moharram Bey. Wolankhulane ndine mlamu wawo, Raouf Wissa. Mukundidziwa. Ndinayamba ndi kugulitsa mabatire padoko, lero mapasipoti anayi ndawadzaza. Ku Tokyo ndafika, ku Hamburg ndagona, ndipo ndikunenetsa m'nyumba ya Mulungu muno kuti konseko sindinapeze kabokosi kokuzira mawu kachete ngati ka bambo agona apawa.

Mu 1970 anamaliza maphunziro a zamagetsi payunivesite ya mumzinda uno, nayamba ntchito yokonza mawailesi a m'sitima zapamadzi.

Pa 14 Julaye 1974 anakwatira achemwali anga, mayi Tahani. Bambo athu a Wissa, amene ankatsogolera nyimbo m'tchalitchi chino, anali atatisiya kale. Mawu awo anatsala pa chimbale chimodzi chokha, cha mtundu wofewa uja umene umaperepeseka singano ikamadutsapo. Mkwatibwi anapempha kuti chilizidwe paukwati, koma mkwati anakana, nati galamafoni yathu ingochiwononga. Lonjezo lawo tonse tinalimva: "Mundipatse chaka chimodzi. Bambo anu mudzawamva ngati aima m'chipinda momwemo."

Kwa amene simuidziwa ntchitoyi: singano zapamwamba zimatulutsa timagetsi tochepetsetsa, chifukwa mkati mwake mumangogwedezeka tiwaya topombedwa, towonda kuposa tsitsi. Ukakuza timagetsito, umakuzanso kaphokoso koti siii kochokera m'matiranzisita, tizipangizo timene timagwira ntchito yokuzayo. Mdani wa malemu moyo wawo wonse anali kaphokoso kameneka.

Mu 1979 anasiya ntchito ya kudoko, ndipo tinapangana kuti iwo azipanga timabokosi tokuzira mawu, ine ndizigulitsa. Ndikabwera kuulendo ndi matiranzisita mazanamazana, iwo ankavala zomvera za m'makutu, kukweza mawu mpaka pamapeto, singano ili m'mwamba, n'kumamvetsera imodziimodzi. Ankasankhapo asanu ndi atatu achete kwambiri n'kuwalumikiza pamodzi kuti azigawana ntchito. Otsalawo ankati ndikagulitse kwa agonthi anzanga. Ine ankanditcha pakamwa pa kampani. Nanenso ndinkawabwezera kuti alamu ndi munthu yekhayo wogula chimbale kuti azimvera mpata wa pakati pa nyimbo.

Timabokosito tinayenda. Tili m'nyumba za anthu ku Athens, ku Beirut, ngakhale ku Osaka kumene amadzitama ndi zinthu zoterezi, ndipo ndinatinyamula ndine. Koma chimbale cha bambo athu chinakhalabe m'kabati. Pasaka aliyense, tikamadya nyama titamaliza kusala, achemwali ankakumbutsa, ndipo yankho linali lomwelo: katsala pang'ono, mayi a Maged, kaphokoso kakumvekabe. Tinkaseka. Ine ndiye ndinkaseka kuposa onse, ndipo lero kusekako kukundiwawa.

Mu 2009 adokotala anapeza kuti zaka zambiri zomvetsera mokweza zinawapweteka makutu. Kaphokoso kamene ankakamva tsopano sikanalinso m'kabokosi, kanali m'mutu mwawo. Malemu sanavomere. Anati makina a kuchipatalawo ndiwo anali aphokoso, nabwerera patebulo pawo. Anapitiriza kumasula ndi kuwotchereranso zinthu zimene zinali zitakhala kale bwino, kusaka chete amene sakanamumvanso.

Mu Novembala 2021 anayamba kudwala mtima. Ali m'chipatala, anaitana mwana wawo woyamba, Maged, namuuza kuti akalumikize kabokosi komaliza, kamene ankakonzera chimbale chija, osakhudzanso kanthu mkati. Anati, "Ndawadikiritsa amayi ako." Anatisiya pa 3 Febuluwale 2022 ali ndi zaka 73, asanabwerere kunyumba.

Asiya mayi Tahani, ana atatu, Maged, Sonia ndi Nermine, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Banja likuthokoza abambo ansembe, anamwino amene anawasamalira, anansi amene abwereketsa mipando ndi kutiphikira khofi, ndi amisiri anzawo amene atseka mashopu lero.

Ndimalize ndi izi. M'mawa uno tisanabwere kuno tinasonkhana pabalaza. Maged anayatsa kabokosi, nakweza mawu mpaka pamapeto monga ankachitira bambo ake. Kunali zii. Anagwada kuti aone ngati mabatire atha, koma kabokosi kanali koyaka bwinobwino. Kenako tinatulutsa chimbale. Chinyontho cha kunyanja chinali chitasupula m'mphepete mwake, moti pa mphindi zinayi za nyimboyo, yoyamba inatayika m'kabati muja. Koma pamene singano inagwira, tinamva bambo athu akukoka mpweya, milomo ikutseguka, kenako mawu aja amene makoma ano akuwadziwa.

Nyimbo itatha, achemwali anga, amene adikira zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, anayang'ana mpando wa amuna awo nati, "Mphindi zitatu zakwana, bambo a Maged. Ngongole yanu mwalipira."

Pitani bwino, alamu. Mzimu wanu uuse mumtendere, kumalo kumene makutu salira.