Mbiri ya Amayi a Simbi ndi Kapitawo Wawo

Malemu, amene tonse tinkawadziwa kuti Amayi a Simbi, anabadwa pa 4 Marichi 1958, achiwiri m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Azibusa, akuluakulu nonse, abale ndi anansi, amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mpongozi wawo, mkazi wa mzime wawo. Banja landisankha chifukwa ndine ndinagwira nawo ntchito mpaka kumapeto. Ndikaphonya mundikhululukire, sukulu yanga inathera panjira.

Anayamba sukulu mu 1965, koma analekezera kalasi yachisanu pamene mayi awo anadwala. Anapita kukagwira ntchito yochapa pa hotela ina, ndipo kumeneko ndi kumene anaphunzira simbi. Ankaika mizere iwiri pamkono wa malaya, yoyandikana ngati njanji. Mukaona munthu pamsewu ali ndi mizere iwiriyo, munkadziwa kumene zovala zake zachokera.

Mu 1979 anamanga banja ndi malemu bambo athu, amene anali makaniki wa mabasi. Mu 1986 anatsegula ntchito yawoyawo m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, muli thebulo lalitali loyalapo bulangete lakale, chingwe chopachikapo zovala, ndi zenera limodzi la galasi losweka pakona. Ana onse anayi anaphunzira ndi simbi imeneyo. Bambo anatisiya mu 2009, ndipo ana atabalalika kumaukwati ndi kuntchito, Mayi anatsala okha.

Mu 2011 munthu wina wachilendo anasiya mtolo wa zovala pakhomo, n'kunena kuti abweranso. Mayi atamasula mtolowo anapezamo kamwana ka mphaka kotuwa, kali phee, kakuwayang'ana. Mwini mtolo sanabwerenso mpaka lero. Mphakayo anamutcha Kapitawo, chifukwa ankakhala pakona ya thebulo kuyang'anira ntchito osagwirako kalikonse, koma nthawi ya chakudya n'kukhala woyamba. Mayi ankamuyankhula ngati munthu. Ankamuuza za nyengo, za miyendo yawo, za makasitomala obweretsa kolala yakuda ngati poto. Sankamwa tiyi asanamuthirire mkaka m'chivindikiro cha botolo. Akamapita kumapemphero, Kapitawo ankawaperekeza mpaka pamphambano, ndipo pobwerera ankamupeza pomwepo.

Tsopano ndinene zimene enanu mwakhala mukunong'onezana, chifukwa mbiri ya Mayi singathe popanda izo. Mu 2013 Kapitawo anagona pa shati ya bambo ometa tsitsi aja, ndipo mwezi usanathe tinawaika m'manda. Chaka chotsatira anagona pa diresi la mayi ogulitsa makala, nawonso anapita. Kenako pa thalauza la mlonda wa pasukulu. Anthu anayamba kuwerengetsa. Kasitomala ankati akalowa, asanapereke n'komwe moni, maso ali kale pathebulo kuona pamene mphaka wagona. Ena ankalanda zovala zawo zili zonyowa. Ntchito inachepa. Mu 2016 alamu anga aakulu, mwa chikondi chawo pa Mayi, anamuika Kapitawo m'thumba n'kukamutaya kutali pa galimoto. Atabwerera anamupeza wakhala kale pathebulo, akunyambita phazi. Mayi sanakalipe, anangosiya kusita malaya a alamu mpaka chaka chinatha.

Ine ndinalowa m'banjali mu 2018, ndili ndi pakati, yunifolomu ya sukulu ndisanaiiwale. Mayi sanandinyoze. Anandipatsa simbi, n'kundiuza kuti misozi siiwongola chovala, koma madzi owaza pang'ono. Poyamba mphakayo ndinkamuopa ngati mmene mukumuopera inu. Matewera a mwana ndinkawabisa m'sutikesi. Koma munthu ukaima pambali pa thebulo tsiku ndi tsiku umaona zinthu, ndipo zimene ndinaona ndi izi.

Mayi ankawerenga zovala. Thalauza limene mwini wake wayamba kulimanga ndi pini m'chiuno, shati yonunkha mankhwala, diresi limene thukuta lake lasintha fungo, ankazindikira asanamve kwa munthu aliyense kuti mwini wake sali bwino. Chovala chotero ankachiika pambali n'kuchisita pomalizira, pang'onopang'ono, kuti wodwalayo akamapita kuchipatala azioneka munthu. Ndiye chinkakhala pamwamba pa mulu, chili chotentha kuposa zonse. Nanga mphaka amafuna chiyani padziko pano? Pofunda basi. Amene ankadziwa ndi Mayi. Kapitawo ankangogona.

Nditawafunsa chifukwa chimene sankawauzira anthu, anandiyankha kuti matenda a munthu ndi ake, wochapa alibe chilolezo chowalengeza. Ankangopititsa okha chovalacho kunyumba kwa mwini wake, n'kumunong'oneza kuti akaonane ndi adokotala. Ena anamva, ndipo alipo pano, akudzidziwa okha. Amenewo simunawawerengetse chifukwa sanafe. Mlandu wonse unagwera mphaka, ndipo Mayi ankati Kapitawo anavomera kuusenza. N'chifukwa chake nsomba ikabwera panyumba, mbali yabwino inkayamba yapita pansi pa thebulo.

Mu Januwale chaka chino Mayi anayamba kutupa miyendo ndi kutopa msanga. Ankasita atakhala pampando, chinthu chimene sanachitepo. Mu Epulo ndinaona kuti diresi lawo alimanga ndi pini m'chiuno. Tsiku lina masana, mulu wa makasitomala utatha, anatulutsa diresi lawo labuluu la kumapemphero, n'kulisita pang'onopang'ono, mizere iwiri pamkono uliwonse. Atangolipinda, Kapitawo anakwera n'kugonapo. Mayi anangoseka, n'kumusisita kumutu, n'kunena kuti Kapitawo wavomereza ntchito. Ndi diresi limenelo limene avala m'bokosimu.

Pa 9 Meyi tinawatengera kuchipatala. Asanatuluke anazula simbi kumagetsi, anakulunga chingwe chake, anakhoma kachipinda n'kundipatsa kiyi, ndi uyu ali pakhosi pangayu. Anandiuza kuti Kapitawo asagone ndi njala. Anatisiya pa 14 Meyi 2024, ali ndi zaka 66. Chichokereni Mayi, mphakayo amalowera pagalasi losweka lija n'kukhala pathebulo, maso ali kuchitseko. Mkaka ndimamuikira pazenera.

Dzulo ndikutsuka mbale kuseri ndinamva ena a m'banja lino akupangana za thumba ndi mtsinje, maliro akangotha. Sinditchula mayina, ndine mpongozi, ulemu ndimaudziwa. Koma imvani izi musanapite kukafuna thumbalo.

Lero m'mawa ndinatsegula kachipinda koyamba chikhomereni, kuti nditenge bulauzi yanga yoyera, imene ndinaisiya yokwinyika m'dengu tsiku lopita kuchipatala. M'dengu munalibe. Inali pathebulo, yositidwa, yopindidwa bwino, Kapitawo atagonapo. Simbi inali pamalo pake, chingwe chili chokulungidwa mmene anachisiyira Mayi. Ndinaikhudza, inali yozizira ngati mwala. Ndinanyamula mphaka n'kugwira bulauzi. Inali yotentha mpaka kumikono imene inali m'mphepete, kumene mphaka sanafikeko. Ndafunsa onse a panyumba, palibe amene analowa. Bulauziyo ndi ino ndavalayi. Amene muli pafupi onani pamkonopa. Mizere iwiri. Ine zaka zonsezi ndinalephera kuiphunzira, wanga umatuluka umodzi, wokhotanso.

Ndikudziwa zimene mukuganiza, nkhope zanu zikunena. Inenso ndaganiza zomwezo, ndili ndi mwana wamng'ono. Koma ndakuuzani kale tanthauzo lake: Mayi akasita chovala chako pomalizira, ndiye kuti pita ukaonane ndi adokotala nthawi ikadalipo. Chizungulire chimene ndakhala ndikuchibisa chichokereni mvula, ndimayesa palibe akuchiona. Lolemba m'mawa ndikupita kuchipatala, bambo a mwana andiperekeza, amva pano pamaso pa anthu. Kapitawo akhala ndi ine. Amene akufuna kumuika m'thumba ayambe wabwera kwa ine, ndipo abwere ndi thumba lokwana anthu awiri.

Malemu asiya ana anayi, amuna atatu ndi wamkazi mmodzi, zidzukulu zisanu ndi zinayi, achemwali awo awiri, apongozi, ndi Kapitawo. Banja likuthokoza anamwino amene anawasamalira, a mpingo, anansi amene mwatiphikira ndi kutibwereka mipando, mwini galimoto imene inanyamula thupi, ndi makasitomala amene simunawathawe Mayi pa zaka zovuta zija. Amene zovala zanu zidakali kuseri, bwerani mudzatenge sabata yamawa. Mukapeza mphaka wagona pa chanu, musakuwe, ndidzakuperekezani ndekha kuchipatala.

Mayi, mwasita mokwanira. Zotsalazi tisita tokha, ngakhale mizere ikhote. Mzimu wanu uuse mumtendere.