Khola Langa la Nkhuku Analowetsamo Anthu a Lenti

Moni nonse m'dzina la Ambuye wathu. Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, ndakuonani. Amene simundidziwa, ndine amake Chisomo, mwana wa muno mu Kafue. Atate anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo pomwalira anatisiyira nyumba, ine ndi alongo anga, ba Yotamu. Tinabadwa awiri chabe.

Lero sindinabwere ndi umboni wa matenda. Ndabwera ndi nkhani ya khola la nkhuku. Ena mwayamba kale kuseka. Sekani, palibe mlandu. Ine linandiliza.

Amuna anga atamwalira, ndinabwerera kunyumba ya atate ndi mwana wanga. Ba Yotamu anandilandira bwino, ndisaname m'nyumba ya Mulungu. Inu a kum'mawa mudziwa kuti mlongo wamwamuna ndiye mwini mbumba. Ukwati ukavuta, uthawira kwa iye. Ukadwala, woyamba kuuzidwa ndi iye. Akanena mawu, sufunsa kawiri. Ine ndinakula motero, ndipo ndinkawakhulupirira ndi mtima wonse.

Ndinkagulitsa repu ndi tomato pamsika, zooda ku Shimabala. Koma masamba, abale anga, akafota afota. Ndinafuna chinthu choti chizindidyetsa ngakhale tsiku lomwe miyendo yakana kupita kumsika. Ndiye ndinati ndiwete nkhuku kuseri kwa nyumba. Maganizo anga anali ang'ono. Mitengo, waya, malata akale, ndi kampanda koti zizitakatakamo masana. Basi.

Nditawauza ba Yotamu, anapukusa mutu. Anati, "Iyayi, mlongo wanga, za mitengo ni za kumunzi. Kuno bakawalala ni bambiri. Manga cha mabuloko."

Ndinaona kuti akunena zoona. Ndinabwereka chikombole, ndinayamba kuumba mabuloko ndekha. Mchenga ndinkatuta pa wilibala. Madzi ndinkasenza pamutu. Ndikagulitsa masamba, phindu lonse ku simenti. Manja awa anang'ambika, nshima yotentha ndinkalephera kuigwira. Chisomo anapita kusukulu ndi nsapato yoboola pansi, ine ndikumuuza kuti pirira, nkhuku zikubwera.

Khoma litafika m'chiuno, ndinati pakwana, nkhuku si munthu. Ba Yotamu anabwera ndi kapu ya tiyi m'manja. "Manje ufuna zikafe na kupya mu Okutobala? Kwezako." Ndinakweza. Anabweranso. "Ika windo ikulu, mphepo izingena." Ndinaika. "Pansi pankhale pa simenti, makoswe asakumbe." Ndinathira simenti. "Chitseko chinkhale chitali, usaziwerama pongena, msana uzakuwawa." Abale anga, mawu amenewo anandigwira mtima. Ndinati taonani mlongo woganizira ngakhale msana wanga. Ndinafika powatamanda ku msonkhano wa amayi. Ena muli pano munandimva.

Mpaka pulasitala ndinapaka. Anati nthata za nkhuku zimabisala m'ming'alu ya mabuloko. Anansi ankandiseka kuti nkhuku zanga zidzagona bwino kuposa aphunzitsi. Ine ndinkangosekera limodzi nawo.

Kutsogolo kwake ndinazika mitengo, ndinakoka waya kuzungulira, pamwamba ndinatchinga kuopa kabawi. Mkati ndinayala utuchi. Mbaula yotenthetsera anapiye ndinaikonza. Zonse zinali m'malo mwake.

Tsiku lokatenga anapiye ndinakwera minibasi m'mawa kupita ku Lusaka. Pobwerera ndinaika katoni pamiyendo, anapiye akulira njira yonse, ine mtima uli mbee. Kondakitala anandiseka kuti alipiritsa mwanapiye aliyense mpando wake. Ndinafika kunyumba dzuwa lili pamutu. Ndinazungulira kuseri.

Pawindo la khola langa panali katani. Pa waya wanga panali matewera. Utuchi wanga anausesera panja, uli mulu pafupi ndi chimbudzi. Pakhomo panakhala mayi wachitsikana, mwana kumsana, akutsuka mapoto.

Ndinaima ndi katoni yanga. Ndinamufunsa kuti, "Amayi, mufuna ndani pano?"

Anandiyang'ana bwinobwino, nkumwetulira. Anati, "Si ndimwe ba mayo benze kugwira pisiweki pano? Mwamanga bwino maningi. Ise ba landilodi banatilonjeza kudala kabini iyi, pamene mwenze mukalibe kufika pa windo."

Pisiweki, ndiye kuti ganyu. Abale ndi alongo, pakhomo pa atate anga, ine ndinali wa pisiweki.

Mayi uja analibe mlandu. Amuna ake ndi alonda ku mafakitale, ankasowa pokhala ngati wina aliyense. Ndinalowa m'nyumba. Ba Yotamu anali pa mpando akumvera wailesi. Sanadzidzimuke nkomwe. Anati, "Nkhala pansi, usachite nsele zonitukwana. Nyumba ya pulasitala ungagonekemo nkhuku, banthu balibe pogona? Malo yano niyanganira ndine. Nkhuku zako tizaona pozifaka."

Ndinati, "Alongo, mumadziwa?"

Anakweza wailesi.

Chomwe chinandipweteka si mabuloko ayi. Mabuloko ndi mchenga chabe. Chinandipweteka ndi kukumbukira. Windo lija silinali la mphepo ya nkhuku. Simenti ija sinali ya makoswe. Chitseko chija sichinali cha msana wanga. Uphungu uliwonse womwe ndinkauyesa chikondi unali muyeso wa chipinda cha lenti. Ankandiyang'ana ndikutuluka thukuta, akumwa tiyi, akudziwa. Akanandiuza poyera kuti mlongo wanga, tiye timange kabini tizithandizana, mwina ndikanavomera. Koma anasankha kundipusitsa.

Anapiye ndinawasunga kuchipinda kwanga, m'katoni momwemo. Inali nyengo yozizira. Malo ochepa, ankapondana. Ndikadzuka ndipeza ena auma. Mawa lake enanso. Ndinkawataya ndikulira ngati mwana. Alamu anga, akazi a ba Yotamu, anayamba kudandaula fungo, akutsekula mawindo mwaukali kuti ndimve. Ndinapita kwa amalume kukadandaula, anangoti musachititse manyazi banja, mkulu ndi mkulu. Pamenepo ndinadziwa kuti ndilibe kothawira, pakuti amene ndinayenera kuthawirako ndiye anandiluma.

Ndinasamuka. Ndinapeza kachipinda ka lenti kukomboni, ine ndi Chisomo ndi anapiye otsala. Kutchalitchi kuno ndinasiya kubwera, munaona. Ena munkati ndalowa mpingo wina. Ayi. Ndinkalephera kupemphera. Ndikafika pa mawu okhululukira otilakwira, ndinkalekezera pomwepo. Ndinamuuza Mulungu kuti, Inu munaona buloko lililonse, bwanji simunandigwetsere limodzi paphazi kuti ndidzuke? Ndinakwiya, abale. Ndinakwiyira alongo anga, ndinakwiyira Mulungu, ngakhale tambala wa eni ake akalira ndinkamutukwana.

Koma Mulungu sanandikwiyire. Anandidzera mwa mayi wina wa Chitonga amene ndimaodako masamba ku Shimabala, bina Mutinta. Tsiku lina ndikumanga mtolo wa repu, anandiyang'ana nkunena kuti ndaonda. Ndinamufotokozera zonse, misozi ikugwera m'masamba ake. Sanandiuze kuti pepani. Anandigwira dzanja, ananditengera kuseri kwa nyumba yake. Anandionetsa khola lake, laling'ono, lokwezeka pa miyendo ya mitengo, pansi pake pa timitengo totalikirana kuti zitosi zizigwera pansi. Anati, "Nkhuku ifuna mthunzi, mphepo na pouma. Vinangu vonse ni va banthu. Manga chamene munthu sangakhumbire." Pochoka anandipatsa thadzi la nkhuku yachikaya, lomanga miyendo ndi luzi.

Ndinabwerera ndi thadzi lija m'khwapa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva njala. Ndinapempha mayi mwini nyumba kangodya ka kuseri, anavomera, akuti manyowa akhale a dimba lake. Ndinatola mapaleti a matabwa otayidwa ku mafakitale. Ndinazula misomali yakale nkuiwongola pa mwala. Ndinamanga ndekha, wopanda wondipatsa nzeru ali ndi kapu m'manja. Ndinaliika pa miyendo, miyendoyo ndinaiveka zitini kuti makoswe aziterereka. Kampanda ka waya ndinakalumikiza ndi mawaya opota, koti ndikafuna ndimasula. Tsiku lomwe adzandithamangitse, ndidzaitana amuna angapo, tidzalikweza pa galimoto ya kanta, lidzapita nane.

Kachitseko kake ndinakayesa ndekha. Mutu ulowa, zotsalazo zikhala panja. Mmenemo wa lenti salowamo, ngakhale wowonda bwanji.

Lero ndili ndi nkhuku. Si zambiri zoti nkudzitama nazo, koma zilipo. Thadzi lija linaswa, ana ake aswanso. Mazira ndimagulitsa pamsika pambali pa tomato. Chisomo ali kusukulu, ndipo Lamulungu timadya dzira osafunsa munthu. Chitopa chinadutsa m'komboni chaka chatha, zanga ndinali nditazipatsa katemera, zinapulumuka. Mulungu sanandibwezere khola lija. Anthu akugonamo mpaka lero. Anandibwezera manja ndi tulo, ndiponso anandibwezera pakati panu. Pa zimenezi ndikuti zikomo Yesu.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse zatha. Khirisimasi yapitayi alamu anga anabwera, akuti ba Yotamu awatuma adzagule tambala. Ndinagwira wonenepa kuposa onse, ndinawapatsa, ndinakana malipiro. Ndinati, "Mukawauze alongo anga kuti adye bwino. Koma abwere okha, ndili ndi funso limodzi. Ndifuna andiuze kuti anaganiza liti. Pamene ndinkakumba maziko, kapena khoma litakwera? Ndifuna kudziwa ngati panali tsiku ngakhale limodzi lomwe ankandithandiza moona."

Tambala anadya. Iwo sanabwere. Tikakumana pamsewu wa ku Boma amandipatsa moni wa dzanja ali kutsidya, ngati munthu amene tinakwerapo naye basi imodzi.

Ndiye abale ndi alongo, pothokoza nane pa nkhuku, mundipemphererenso. Kukhululuka ndayamba, koma sindinamalize, ndipo sindifuna kunama pamaso pa Mulungu kuti ndamaliza. Nkhuku ndazipeza zina. Mlongo ndinali naye mmodzi yekha.

Ambuye akusungeni nonse. Amen.