Zitini Zopanda Kanthu M'kabati Mwanga

Abale anga a mumpingo mwathu kuno ku Glasgow, ndi nonse amene muwerenge, moni m'dzina la Ambuye. Ndine agogo ake a Chisomo, aja ndimakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, chikwama chili pamiyendo. Mukudziwa kuti za m'nyumba mwanga sindiuza munthu, koma izi ndinalonjeza Mulungu kuti ndidzanena. Njala inalowa m'nyumba mwathu m'dziko lomwe lino la azungu.

Mwana wanga Tiyamike anapeza ntchito yosamalira okalamba pa kachilumba kena kakutali, ndipo tinasamukira kumeneko kuchoka ku Partick, kuno ku Glasgow, atatu: ine, iyeyo ndi Chisomo, amene anali atangoyamba kuyenda. Pachilumbapo sitolo ndi imodzi, ndipo chilichonse chimabwera pa sitima. Nyanja ikakwiya sitima siibwera, mashelefu amangoti mbee, ndipo kotsalako mtengo wake sungaufike. Nyengo yozizira itafika, Tiyamike anapweteka msana ponyamula wodwala, ntchito n'kuima.

Iye anandiuza kuti boma limapereka khadi logulira mkaka, mazira ndi zipatso za ana aang'ono, ndipo poti mapepala ake okhalira m'dziko muno anali okhazikika kale, zinkamuyenera. Ndinakanitsitsa. "Iwe, ukangowauza a boma kuti muno mulibe chakudya, mawa abwera kudzatenga mwanayu. Sunawamve azimayi kutchalitchi?" Iye anangoti, "Amayi, inunso," n'kutembenukira kukhoma. Sanaimbe foni yofunsira khadilo, chifukwa ndinamulera womvera.

Panali nesi woyendera ana, dzina lake Morag, mayi wamtali wa majombo amatope, amene ankabwera kudzayeza Chisomo pa sikelo. Ameneyo ndi amene ndinkamuopa. Ndinatsuka zitini zakale za nyemba, ndinazizondotsa kuti kotsegulako kukhale pansi, n'kuzindandalika m'kabati ngati m'golosale. Pemphero langa linali limodzi: Ambuye, mutsekeni maso mayi ameneyu.

Masiku omwewo tinayamba kupeza jumbo pakhonde, muli nsomba, mbatatesi, nthawi zina mazira. Wobweretsayo sagogoda, sadzionetsa. Abale anga, inu mukudziwa kwathu, chakudya chongopezeka pakhomo m'mawa munthu sudya, ndiye ungapatse mwana? Ndinkakatayira mbalame za kunyanja kuseri kwa nyumba, Tiyamike asanadzuke. Mdzukulu wanga ankamwa phala lamadzimadzi, timikono tikunka titha. Ndinkamuyang'ana akugona, mtima n'kumawawa, osadziwa kolowera.

Tsiku lina Morag anabwera, anamuika Chisomo pa sikelo, nawerenga manambala ake. Kenako anati atereke madzi a tiyi, poti anthu a pachilumbapo amalowa m'khitchini mwa mnzawo ngati mwawo. Pofuna makapu anatsegula kabati ija. Ananyamula chitini chimodzi, dzanja n'kukwera m'mwamba chifukwa cha kupepuka. Anachibwezera pamalo pake bwinobwino, chozondoka momwe anachipezera.

Ine ndinali nditamubereka kale Chisomo, chitenje nditamanga mfundo ziwiri, nditaima pachitseko. Mumtima ndinati amene afuna mwanayu ayambe wadula manja angawa.

Morag anakhala pampando, nayamba kulankhula pang'onopang'ono, Tiyamike akumasulira. "Agogo, mbalame za kuseri kwanu zanenepa, chilumba chonse chikuziona, koma mwana akuchepa. Nsomba zija amapha ndi mwamuna wanga." Anafotokoza kuti kumeneko munthu wovutika samupatsa m'manja, amamusiyira pakhonde kuti asachite manyazi pothokoza. Zimene ine ndinkayesa mankhwala unali ulemu wawo. Anawonjeza kuti, "Zidzukulu zanga zimamwa mkaka wa khadi lomwelo, ndipo zili ndi mayi wawo. Ine sindinabwere kudzatenga mwana, ndabwera kuti adye."

Sindinamukhulupirire nthawi yomweyo, musandiyese wopusa. Ndinati Morag aimbe foni ya ku boma ija pamaso panga, mawu akumveka, ndipo Tiyamike andiuze liwu lililonse. Anatero. A boma anafunsa za mwana ndi za ntchito ya mayi wake, basi. Mwana sindinamutsitse mpaka galimoto ya Morag itazimiririka kuseri kwa phiri. Koma madzulo ake ndinaphika nsomba za pakhonde, ndipo Chisomo anadya mpaka kugona supuni ili m'manja.

Nyanja itadekha, khadi lija linafika, ndipo mwezi wotsatira sikelo inakwera. Palibe anagogoda kudzatenga mwana. Tiyamike anachira, ndipo lero tinabwerera kuno ku Glasgow, tikukhala ku Pollokshields. Chisomo ndi uja amathamanga pakati pa mipando, ndikamuitana m'Chichewa n'kumandiyankha m'Chingerezi cha kuno.

Chitseko ndimakhomabe kawiri, ndipo chikwama changa sindisiyira munthu. Koma inu amayi amene mukugona ndi njala chifukwa cha zimene munamva pakhomo pa tchalitchi, kafunseni kwa odziwa ngati thandizolo likukuyenerani, musadikire kuti mwana aonde. Limbani mtima, pempherani osatopa, ndipo musamuikire Mulungu njira yoyankhira. Ndikumuthokoza chifukwa anandikonda koposa mmene ndinapemphera. Ine ndinati amutseke maso Morag, Iye anamutsegulitsa kabati.

Ambuye akusungeni nonse. Ameni.